Gitala la Paul Ngozi ndi Anthu Amene Sanalitaye

Ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi. Tinazolowera kuti misewu ya m'mizinda yathu imatenga maina a atsogoleri a ndale, mafumu ndi omenyera ufulu, koma uwu unatenga dzina la mwana wa m'komboni amene ntchito yake inali kukoleka gitala lamagetsi m'khosi, kukweza ampulifaya mpaka potherapo, n'kumaliza nsambo ndi mano anthu akukuwa. Dzina limene makolo anam'patsa linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949, anakulira ku Chibolya, komboni ya mbiri yowawa ku Lusaka, ndipo anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. La Ngozili linachita kum'kakamira chifukwa cha zimene ankachita akakwera pansanja.

Gulu lake, Ngozi Family, silinakhale pachimake nthawi yaitali. Zimbale zimene zinalitchukitsa zinatuluka mothamangitsana: Day of Judgement mu 1976, kenako 45,000 Volts mu 1977, ndiponso The Ghetto chimene chinatuluka m'dzina la Paul mwini. Kumbuyo kwake, pa ng'oma, kunkakhala Chrissy Zebby Tembo, amene naye anajambula chimbale chakechake chotchedwa My Ancestors, gitala akum'lizira Paul yemweyo. Zaka zoposa 30 zapita chimwalirireni mwini gulu. Kampani imene inkadinda zimbale ku Zambia inatseka kalekale, ndipo panapita nthawi yaitali wailesi zisakuimbanso nyimbozi. Komabe lero zikumvedwa ku London, ku Los Angeles, ku Lusaka, ngakhalenso pa foni ya mnyamata wa kabaza pa Khonjeni, m'boma la Thyolo. Kuti timvetse mmene zapulumukira, tiyambe ndi kaliridwe kake.

Mtundu wa nyimbo zimenezi umatchedwa hard rock, ndipo unakhwimira ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Led Zeppelin inatulutsa chimbale choyamba mu 1969, Black Sabbath mu 1970, ndipo chaka chomwecho Deep Purple inatulutsa In Rock. Patsogolo pa onsewa panali Jimi Hendrix, mnyamata wachikuda wa ku America amene anakatchukira ku London n'kumwalira mu Seputembala 1970 ali ndi zaka 27. Kuliza gitala ndi mano kuja Paul anaonera kwa iyeyu. Anthu ambiri kwathu kuno amaganiza kuti izi ndi nyimbo za ana a mabwana opanda chochita. Mbiri yake sikunena choncho. Anyamata a Black Sabbath anali a ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ndi utsi, ndipo woliza gitala wawo, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina odulira malata ali ndi zaka 17. Anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kuzalako, pambuyo pake n'kumakhwefula nsambo kuti zisamam'pweteke, ndipo kukhwefulako kunapatsa gitala lake mawu akuya, olemera, amene oimba ambiri akhala akuwatsanzira mpaka lero.

Gitala lamagetsi palokha lili ndi mawu ochepa kwambiri. Pansi pa nsambo zake pali maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala, ndipo nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake pamabadwa mphamvu yamagetsi yochepa zedi, imene imayenda pa chingwe kupita ku ampulifaya kuti ikakulitsidwe. Ampulifaya ili ndi malire ake. Ukaikankha kupyola malirewo, mawu saturukanso osalala. Amaphwanyika, amasasa, amachita nthetenya, ndipo nsambo imene ikanalira kamphindi n'kuleka imangolirabe. Akatswiri a zamagetsi ankaona zimenezi ngati vuto loyenera kukonza. Oimba a rock anati n'zimene tikufunazo. Anafika pomagula kabokosi kopondera ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene ntchito yake ndi kuphwanya mawu mwadala asanafike n'komwe ku ampulifaya. Amene anaimapo pafupi ndi chigayo cha dizilo chikamalira akudziwa kuti pali phokoso lina limene sulimva ndi makutu okha, umalimvanso m'chifuwa ndi m'mapazi. Gitala la Paul Ngozi pa Day of Judgement limalira motero.

Mawu akaphwanyika chonchi, sungalize nsambo zonse zisanu ndi imodzi nthawi imodzi, chifukwa zimasanduka phala. N'chifukwa chake woimba wa hard rock amagwira nsambo ziwiri kapena zitatu zakumtunda, zonenepa zija, n'kupanga kachidutswa kakafupi kamene amakabwereza mobwerezabwereza, besi ndi ng'oma zikutsatira pambuyo. Kachidutswako amakatcha riff. Apa mpamene ine ndimaona kuti nyimbozi sizinali zachilendo kwenikweni m'makutu mwa anthu a kuno. Ng'oma za tchopa sizisimba nkhani yoyambira apa kukathera uko. Zimazungulira pa kachidutswa kamodzi mpaka wovina thupi litagwira. Banjo ya kumudzi imachita chimodzimodzi, bangwenso chimodzimodzi. Mnyamata wa ku Lusaka kapena ku Kitwe atamva Black Sabbath pa chimbale, chatsopano chinali chida ndi kukula kwa mawu, koma kayendedwe kake anali atakadziwa ali kumsana kwa mayi ake.

Nanga bwanji zinaphukira ku Zambia? Dzikolo linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964 lili ndi ndalama za mkuwa. Anthu ambiri anali kale m'matauni, ku migodi ya ku Kitwe, Ndola, Mufulira ndi Chingola, ndiponso ku Lusaka. Kumigodiko kunali magetsi, kunali maholo ndi makalabu a ogwira ntchito, kunali masitolo ogulitsa zimbale zochokera kunja, ndipo anyamata ankatha kupeza gitala ndi ampulifaya, ngakhale zobwereka. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inkadinda zimbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, munthu amene anasainitsa oimba ambiri a nthawiyo n'kumawatumiza kukajambula, ena mpaka ku Nairobi. Ndiye cha pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene naye ankadziwa kukhwacha gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoimbidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia konko. Mwina iye ankayembekezera nyimbo zamakolo. Zimene zinasefukira m'malo mwake zinali za anyamata a tsitsi la afro, nsapato zazitali zidendene ndi mathalauza otambalala kumusi: WITCH ya ku Kitwe ndi mtsogoleri wake Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha mu 1975, Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, The Peace, Blackfoot ndi ena. Mtundu wonsewu unadzatchedwa Zamrock.

Pakati pa onsewa, wa gitala laukali kwambiri anali Paul Ngozi, komanso ndiye anali pafupi kwambiri ndi munthu wamba. Ambiri mwa anzake ankaimba m'Chingerezi nkhani za chikondi ndi za ufulu wa achinyamata. Paul naye ankaimba m'Chingerezi, Chingerezi chachidule chopanda zokometsera, koma nyimbo zambiri ankaziponya m'Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka, ndipo nkhani zake zinali za pakhomo: mlendo wa miseche amene amatenga za m'nyumba mwako kukazimwaza kumowa, makolo otha ndalama ku botolo ana akugona ndi njala, ulesi, kudzipha, tsiku la chiweruzo. Mukachotsa gitalalo n'kungowerenga zimene akunena, mungaganize kuti ndi nkhalamba ya pabwalo ikulangiza, kapena mkulu wa mpingo. Mukabwezeretsa gitalalo, malangizo omwewo amatuluka ndi mkwiyo wa munthu amene zinthuzo waziona ndi maso ake ndipo zam'pweteka. Ine ndikuona kuti chinsinsi chake chagona pamenepa. Munthu wa ku Chibolya, Kanyama kapena Matero ankamva nkhani ya pakhomo pake ikunenedwa mokweza kuposa mmene iye mwini akanainenera, pa wailesi ya boma, dziko lonse likumva. Munthu amene wakulankhulira chotero sumuiwala msanga.

Chinyanja cha ku Lusaka ndi mphukira ya chilankhulo chathu chomwechi. Chinafika mumzindawo ndi anthu a ku chigawo cha kummawa kwa Zambia, a ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndiponso ndi Amalawi amene anapita kukafuna ntchito, ena n'kutchona komweko. Chinatolako mawu a Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, n'kupeputsa zina, koma Mmalawi amachimva popanda womasulira. Dzina loti Nyirongo nalonso limapezeka mbali zonse ziwiri za malire, ku Lundazi ndi ku Mzimba kapena Rumphi. Ngakhale bambo a Kaunda, a David Kaunda, anachokera kuno ku Nyasaland, atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ku Chinsali. Tikamakamba za Ngozi Family, tikukamba za abale a kuseri kwa mpanda.

Tsono tiyerekeze zaka zomwezo za m'ma 1970 pa Khonjeni, m'boma la Thyolo, pamene njanji yochokera ku Limbe imadutsa itapitirira Luchenza kulowera kumunsi ku Sandama ndi ku chigwa cha Shire. Anthu a kuno nawo anali apantchito monga a ku migodi aja. Ankalawira mame asanakamuke, dengu kumsana, kukathyola tiyi m'maesiteti, madzulo n'kukaima pamzere kuti kapitawo ayeze masamba pa sikelo. Zowawa zoti munthu n'kufuulira zinalipo zambiri, kuyambira pa nkhani ya malo imene inayamba m'nthawi ya thangata. Koma gitala lamagetsi limafuna magetsi, ndipo magetsi ankathera kufakitale ndi kunyumba za mabwana. M'mudzi munali wailesi ya mabatire, kawirikawiri ya Nzeru, yotsegula MBC, imene inali nyumba youlutsira mawu yokhayo m'dziko muno. Nyimbo iliyonse inkayenera kudutsa m'manja mwa bungwe loona zoyenera kumvedwa ndi kuonedwa, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Boma la Kamuzu linaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mathalauza otambalala kumusi, ndipo lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi. Mnyamata wooneka ngati Paul Ngozi akanatsika sitima pa Khonjeni, akanakumana ndi lumo asanafike pamsika.

Zimenezi sizikutanthauza kuti Thyolo anakhala chete. Boma lomweli ndi limene linabala Alan Namoko, woimba wosaona wobadwa mu 1956, amene ndi gulu lake la Chimvu Jazz ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilhomwe. Zida za magulu oterewa zinali za m'manja: banjo yopangidwa pakhomo, ng'oma ya chikopa, tizitsulo ndi tizitsekerero ta mabotolo totungidwa pa waya. Mvetserani Namoko kenako mumvetsere Ngozi. Mawu onse awiri ndi okhakhala, osapakidwa mafuta. Onse awiri amakhazika nyimbo pa kachidutswa kamodzi kozungulira, ndipo onse awiri amaimba za amasiye, za umphawi, za khalidwe la anthu oyandikana nawo. Wina anali ndi ampulifaya, wina analibe.

Ku Zambia chisangalalo chija sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa cha m'ma 1975 ndipo sunadzukenso msanga, moti ndalama yogulira chimbale kapena tikiti ya kudansi inayamba kupita ku ufa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inalowerera m'dzikomo; mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kufupi ndi Lusaka, ndipo boma linkalamula kuti usiku anthu asayende ndiponso magetsi azimitsidwe. Gulu loimba limene limadya za usiku lingakhale bwanji pamenepo? Kenako kunabwera disco, rumba ya ku Zaire ndi kalindula, makutu a achinyamata n'kutembenukira kumeneko. Makaseti ojambulidwa mwakuba anamaliza msika wa zimbale. Pamwamba pa zonsezi, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Edzi inalowa pakati pa oimba n'kusesa m'badwo wonse. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH anatsala ndi Jagari yekha, amene anali atasiya kale gululo kukakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake ankakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chodyetsa ana. Matepi oyambirira a zimbale zambiri, amene pamafunika kuti chimbale chidindidwenso, anatayika kapena kuonongeka.

Pamenepa nkhani ikanathera, pakanapanda anthu ena amene maina awo sanalembedwe paliponse. Chimbale cha pulasitiki n'chinthu chosachedwa kufa m'dziko lotentha. Chikakhala padzuwa chimapindika, fumbi likalowa m'mizere yake chimayamba kuthetheka, mwana akachipeza amachiyesa choseweretsa, ndipo banja likamasamuka chimakhala choyamba kutayidwa poti makina ochiimbira anafa kale. Kuti chimbale cha mu 1976 chifike chaka cha 2010 chili chomveka, pamafunika munthu amene anachibwezera m'chikuto chake nthawi iliyonse akamaliza kumvera, anachiimika chilili m'kabati m'malo mochigoneka pansi pa katundu, anachipukuta ndi kansalu kofewa, ndipo anakana pamene a m'nyumba ankati tayani zakalezi zikungodya malo. Munthu wotereyo sankayembekezera phindu lililonse. Ankasunga chifukwa chimbalecho chinali ndi unyamata wake mkati: holo imene anavinamo, mnzake amene anapita naye ndipo pano kulibe, tsiku limene anaona ndi maso ake Paul akuika gitala kumano. Nyimbo zambiri za Zamrock zimene dziko likumva lero zinatengedwa pa zimbale zoterezi, zotsala m'makabati a anthu, chifukwa kwina kozitenga kunalibe. Mukamvetsera bwino zina mwa izo mumamva kuthetheka kwa singano, umboni wakuti chimbalecho chinaimbidwapo m'nyumba ya munthu.

Gulu lachiwiri la okonda nyimbozi linatulukira kutali. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene moyo wawo wonse ndi kusakasaka zimbale zosowa, ndipo zimbale za ku Zambia zitayamba kufika m'manja mwawo anazizwa. Kampani yaing'ono ya ku Germany yotchedwa Shadoks inayamba kudindanso zina mwa izo. Kenako kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt amene amadziwika kuti Egon, inalowa m'nkhaniyi mozama: inafunafuna oimba otsala ndi mabanja a omwalira, inatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga mu 2010, bokosi la zimbale za WITCH mu 2012, Day of Judgement ya Ngozi Family mu 2014, ndi zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017. Mbiri ya oimbawo inalembedwa mothandizana ndi Leonard Koloko, mlembi wa ku Zambia amene analemba buku la Zambian Music Legends. Dzina la Koloko ndi loyenera kulitchula mokweza, chifukwa nkhani imeneyi ikamakambidwa kunja imamveka ngati azungu ndiwo anatulukira Zamrock. Iwo anabweretsa ndalama, makina ndi msika, ndipo tiwathokoze. Koma wodziwa kuti uyu anali ndani, ankaimbira kuti, anakwatira kwa yani, mwana wake ali kuti, anali wa komweko.

Chimene mlendo wosamva Chinyanja amakondamo n'chiyani? Ambiri a iwo anakulira pa nyimbo za rock zojambulidwa m'ma studio akuluakulu, mmene cholakwika chilichonse chimafufutidwa ndipo ng'oma imagunda molingana ngati ikuyezedwa ndi rula. Pa zimbale za Ngozi Family zinthu sizili choncho. Zinajambulidwa mwachangu, ndi ndalama zochepa, anthu atatu kapena anayi akuimbira pamodzi. Pena ng'oma imathamanga pang'ono, pena gitala limakwirira mawu a woimba, pena nsambo imalira mopitirira pamene inayenera kulekera. Kumeneko n'kumene kuli moyo wake. Umamva kuti m'chipindamo munali anthu, anali ndi thukuta, ndipo analibe mwayi wobwereza kakhumi. Mlendoyo amamva kuti woimbayu sakunamizira, ngakhale sakudziwa kuti akukalipira ndani. Ife tili ndi mwayi woposa wake, chifukwa timamva zonse ziwiri, ukali wa gitala ndi chimene chaukalitsa.

Kudzukanso kwa nyimbozi kunam'peza Jagari Chanda ali moyo. Mtaliyana wina wojambula mafilimu, Gio Arlotta, anapita ku Zambia kukam'funafuna, ndipo filimu yake yonena za WITCH inatuluka mu 2019. Jagari ndi Patrick Mwondela, amene ankaimba kiyibodi m'gululo m'zaka zake zakumapeto, anagwirizana ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, mmodzi mwa iwo Jacco Gardner wa ku Netherlands, n'kuyambanso kuyenda m'maiko. Mu 2023 anatulutsa Zango, chimbale choyamba cha WITCH patapita zaka 39, chojambulidwa ku dB Studios ku Lusaka, malo omwe anajambulirako Lazy Bones!! mu 1975. China, Sogolo, chinatsatira mu 2025. Bambo wa zaka zoposa 70 akudumpha pansanja pamaso pa ana obadwa iye atasiya kale kuimba, ndipo anawo akudziwa nyimbo zake pamtima. Achinyamata a ku Zambia nawo anatembenuka kuyang'ana kumbuyo: Sampa the Great anatulutsa Never Forget mu 2022 polemekeza m'badwo wa Zamrock, ndipo mawu ake akumvekanso pa Zango.

Paul Ngozi sanakhale ndi moyo kuti aone zimenezi, koma mawu ake ndiwo anafika patali kuposa a anzake onse. Mu Okutobala 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, ya pa chimbale chake Chromakopia chimene chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America. Msana wa nyimboyo ndi Nizakupanga Ngozi, ya pa 45,000 Volts: gitala lake lomwe lija, ndi mawu a Paul mwini akuimba m'Chinyanja pakati pa nyimbo. Tyler akudandaula za anthu omulondalonda ndi makamera, osam'patsa mpata wopuma pakhomo pake. Paul, zaka 47 m'mbuyomo, ankachenjeza mlendo wolongolola wosalemekeza nyumba ya mwini. Madandaulo awiriwa analumikizana bwino lomwe, ndipo dzina la Paul Nyirongo linalembedwa pakati pa olemba nyimboyo.

Anthu mamiliyoni anathamangira pa intaneti kukafufuza tanthauzo la mawu achilendowo. Pa Khonjeni panalibe chofufuza. Masiku ano nyimbo zimafika pamsika paja kudzera m'timashopu tobenera nyimbo, mmene mnyamata amakhala kuseri kwa kompyuta yakale, sipika ili pakhomo, n'kumadzaza memory card ya aliyense wobwera ndi kandalama kochepa. Zina zimadumpha kuchoka pa foni kupita pa foni anyamata akudikira makasitomala pa siteji ya njinga. Taganizirani mnyamata amene wamva Noid koyamba mwa njira imeneyi. Chingerezi cha Tyler chikuthamanga, akutolamo liwu limodzi limodzi. Mwadzidzidzi pakubwera mawu a munthu wamkulu, okhakhala, akulankhula chilankhulo chimene agogo ake amam'kalipira nacho, nkhani yake ya ulemu pakhomo pa eni. Wa ku New York pamenepo ndiye mlendo, wa pa Khonjeni ndiye mwini nyimbo. Chondimvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa anyamata otere sadziwa kuti woimbayo ndani, kuti anali wa dziko loyandikana nalo, ndi kuti ali ndi zimbale zathunthu zimene angamve kuyambira poyamba mpaka pothera osasowa liwu.

Kukakamira gulu loimba si khalidwe lachilendo kwa Amalawi. Aliyense amene anapitako kudansi ya Black Missionaries akudziwa. Mtsogoleri wake, Evison Matafale, anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, atatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Musamude Fumulani, amene anatenga utsogoleri, anamwalira mu 2007. Gulu lina likanabalalika pa maliro oyamba omwewo. Ma Blacks anapitiriza ndi Anjiru Fumulani, akuwerengabe zimbale zawo ndi dzina lomwe lija la Kuimba, ndipo chakumapeto kwa chaka anthu amakhamukira ku Chileka kuchikumbutso cha Matafale ndi abale ake, ena pa minibasi, ena pa malole, ena wapansi, atavala zofiira, zachikasu ndi zobiriwira. Nyimbo zawo ndi reggae, si rock, koma chomangirira anthuwo n'chimodzi ndi cha Ngozi Family: woimba ananena za iwo, m'chilankhulo chawo, pa nthawi imene ena ankaopa kapena sankasamala. Kusiyana kwake n'kwakuti nyimbo za Matafale sizinasowepo wozisunga. Zili ndi banja, mudzi wa Singano, gulu lamoyo ndi tsiku lake pa chaka.

Alan Namoko alibe zambiri mwa zimenezi. Anamwalira mu 1995. Nyimbo zake zochuluka zinajambulidwa ndi MBC ndipo zinkamveka pa wailesi, koma chimbale chake chimene chinafika kunja, Ana Osiidwa, chinatulutsidwa mu 1992 ndi kampani yaing'ono ya Pamtondo, ndipo mpaka lero okonda nyimbo za mu Africa kumaiko akutali amachitchula mwaulemu. Kwawo ku Thyolo nyimbozo zikuyenda pa ma memory card, zina zopanda dzina la nyimbo, zina zodukiza pakati, zina zolembedwa dzina la woimba wina. Anthu amene anamuona akuimba m'misika ndi m'malo omwera a m'boma lino, amene angathe kunena kuti ng'oma ankaimba ndani, banjo anam'pangira ndani, nyimbo yakuti inapekedwa pa chifukwa chanji, akalipo m'midzi yozungulira Khonjeni, Luchenza ndi Bvumbwe, koma ndi achikulire tsopano. Ku Zambia, Leonard Koloko anayamba kulemba otsala a m'badwo wa Paul Ngozi akadali ndi mpweya woyankhira mafunso, ndipo kampani ya ku Los Angeles inapeza wothandizana naye. Foni imene mnyamata wa pa Khonjeni akumverera Noid ili ndi chojambulira mawu, ndipo agogo amene anavina Namoko ali pakhonde la nyumba yomweyo.